Muvi wa Sikelo Ukamanjenjemera

Kwathu sikelo ya ana inkachitikira pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa tchalitchi. Mlangizi wa zaumoyo ankabwera pa njinga kamodzi pamwezi, n'kumanga chingwe kunthambi, n'kukolekapo sikelo yozungulira ngati wotchi yapakhoma, yokhala ndi ngowe kunsi kwake. Amayi ankakhala pamzere, ana kumsana, mabuku akuchipatala atawakutira m'timajumbo kuti asanyowe. Dzina likaitanidwa, mwana ankamuveka kakabudula ka nsalu yolimba ka zingwe zazitali, n'kumupachika pangowe paja. Nanga ndi mwana uti angalole kulendewera m'malere, pamaso pa anthu achilendo, iye ali chete? Ankalira, ankapalapata, timiyendo tikuponyedwa uku ndi uku, ndipo muvi wa sikelo unkavina naye limodzi: 8.2, 8.9, 8.4, 8.7. Mlangizi ankayang'anitsitsa, akudikira kamphindi kaja mwana amakoka mpweya kuti ayambirenso kulira. Pamenepo muvi unkaima pang'ono chabe, iye n'kutchula nambala, n'kuika kadontho ka cholembera m'buku.

Mwezi wina ndinaperekeza achemwali anga. Kadontho ka mwana wawo kanagwera m'munsi pang'ono mwa ka mwezi wapitawo.

"Mayi, mwanayu mwezi uno sanakwere," anatero mlangizi.

"Koma adokotala, phala akumwa bwinobwino, kuyamwa akuyamwa," anayankha achemwali, mawu atatsika.

Usiku umenewo sanagone. Ankangomugwiragwira mwana pamphumi, kumuyang'ana m'zikope, kudzifunsa chimene alakwitsa. Ine maganizo anali pa muvi uja. Kusiyana kwa miyezi iwiriyo kunali magalamu 200, kulemera kwa kapu ya madzi yosadzaza. Mwina mwezi wathawo mwana anakwera sikelo atangomwa phala, thewera lili lonyowa. Mwina mlangizi anaugwira muvi uli chakumtunda tsiku lija, lero n'kuugwira uli chakumunsi. Mwinanso mwanayo anatsikadi. Kadontho ka m'buku sikanena kuti choona n'chiti. Kamangokhala phee, kakuda bii, ngati kakudziwa zonse.

Funso lomweli lili pansi pa piritsi lililonse limene timameza ndi jakisoni aliyense amene timabayitsa ana athu. Mankhwala kapena katemera asanafike pawindo la kuchipatala, amayamba ayesedwa pa anthu. Ochita kafukufuku amagawa anthuwo m'magulu awiri pochita maere, kuti pasakhale wosankha kuti uyu apite uku, uyu apite uko. Gulu lina limalandira chatsopanocho, lina limalandira china chodziwika kale. Ndiye amadikira miyezi kapena zaka, n'kuwerenga: kuno adwala angati, uko adwala angati. Kuwerengako n'kosavuta. Chovuta n'kudziwa ngati amene tikumuwerengayo wadwaladi nthenda imene tikuilondolayo. Palibe munthu anaonapo malungo ndi maso. Timaona thupi lotentha, timaona mizere iwiri pa kachipangizo koyezera magazi, timaona timadontho tofiirira pansi pa maikulosikopu. Zonsezi ndi mboni. Nthendayo ili ngati woimbidwa mlandu amene sabwera pabwalo, za iye timangomva kwa ena.

Amene anakhalako pabwalo la amfumu akudziwa kuti mboni sizilakwa mofanana. Ina inaona munthu mumdima n'kumutcha dzina la wina. Ina ndi ya maso ofooka, zambiri zinaidutsa. Ina inaona bwinobwino, koma wodandaulayo ndi mlamu wake. Ina ikunena zoona zokhazokha, koma zosakhudza mlanduwo. Nduna yochenjera siimangofunsa kuti, "Kodi ukunena zoona?" Imafunsa kuti unaima pati, dzuwa linali pati, nanga pali chibale chanji pakati pa iwe ndi awa. Miyezo ya kuchipatala nayo imafunika kuifunsa chimodzimodzi, chifukwa kulakwa kwa mtundu uliwonse kumapotoza chigamulo m'njira yakeyake.

Tiyambe ndi mboni yosokoneza nkhope. Kuyambira 2009 mpaka 2014, katemera wa malungo wotchedwa RTS,S anayesedwa m'malo 11 a m'mayiko 7 a mu Africa, ndipo Lilongwe anali amodzi mwa malowo. Ana oposa 15,000 analowa m'kafukufukuyu. Mwana woyamba asanabayidwe, akatswiri anayenera kugwirizana pa chinthu chimene mayi aliyense angaseke atamva kuti chikufunika msonkhano: kodi mwana wodwala malungo ndi uti? Koma vuto lilipo. Kumadera kumene udzudzu umaluma chaka chonse, ana ambiri amayenda ndi tizilombo ta malungo m'magazi, akumenya mpira wachikulunga bwinobwino, osamva kanthu. Mwana wotereyu akagwidwa ndi chimfine, kapena khutu likatupa, thupi limatentha. Mukamuyeza magazi, tizilombo mutipeza ndithu. Koma tizilomboto n'tongopezekapo, ngati wapaulendo amene wagwidwa pafupi ndi nkhokwe yobedwa.

Choncho anaika malire. Pamuyezo waukulu wa kafukufukuyu, mwana ankawerengedwa kuti wadwala malungo ngati kutentha kwa m'khwapa kwafika madigiri 37.5, komanso ngati tizilombo tapitirira 5,000 m'maikulolita imodzi ya magazi. Maikulolita ndi kadontho kochepetsetsa, moti dontho wamba mukhoza kuligawa pafupifupi ka 50 kuti mukapeze.

Taganizirani munthu wa kulabu amene ayenera kupeza nambala imeneyo. Wapaka magazi pa kagalasi, waumika, wathira utoto wa Giemsa, wadonthezapo mafuta, waika diso pa maikulosikopu. M'dzanja muli kachipangizo kowerengera kamene kamalira kuti tcha, tcha, akakadina. Amawerenga tizilombo, amawerenga maselo a magazi, kenako n'kuchulukitsa. Kachidutswa ka utoto kakhoza kuoneka ngati kachilombo. Maso amene akuyang'ana kagalasi komaliza madzulo si amene anayang'ana koyamba m'mawa. Anthu awiri aluso akhoza kuyang'ana kagalasi kamodzimodzi, wina n'kupeza 4,700, wina 5,400, ndipo pakati pa manambala awiriwo pali mwana mmodzi woti alembedwe kuti wadwala kapena ayi. N'chifukwa chake m'kafukufukuyu kagalasi kalikonse kankawerengedwa ndi anthu awiri, aliyense payekha, ndipo akasiyana kwambiri ankaitana wachitatu.

Wina angafunse kuti vuto n'chiyani ngati ana ochepa a chimfine alowa m'kaundula wa malungo, poti alowa mbali zonse ziwiri. Tiyeni tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Gulu losabayidwa lili ndi ana 100 odwaladi malungo, lobayidwa lili ndi 50. Katemera wadula nthenda pakati. Tsopano mbali iliyonse tionjezereko ana 50 a chimfine amene angopezeka ndi tizilombo. Katemera wa malungo sateteza chimfine, ndiye 50 amenewa sasuntha. Kaundula akunena 150 ndi 100. Katemera amene anateteza theka tsopano akuoneka ngati wateteza mmodzi mwa atatu. Palibe wanama, palibe wakondera, koma mkaka wathiridwa madzi. Zotsatira zomaliza za RTS,S zitatuluka mu 2015, zinaonetsa kuti mwa ana amene anayamba kubayidwa ali ndi miyezi 5 mpaka 17 n'kulandira majakisoni onse anayi, malungo anachepa ndi pafupifupi 36 peresenti pa zaka zinayi. Nambala imeneyi ili ndi malire aja m'mimba mwake, 37.5 ndi 5,000, ngakhale wolengeza pa wailesi sawatchula.

Chitsanzo chimene chimandikhalitsa pansi ndi cha ku Gambia. M'madera a kum'mawa kwa dzikolo, makanda oposa 17,000 analowa m'kafukufuku wa katemera wa tizilombo ta pneumococcus, timene timayambitsa chibayo, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2005 ndi gulu lotsogozedwa ndi Felicity Cutts. Atawerenga ana onse amene ogwira ntchito kuchipatala anati ali ndi chibayo poona chifuwa ndi kupuma mothamanga, katemera anachepetsa odwala ndi 7 peresenti yokha. Atawerenga okhawo amene chithunzi cha X-ray chinaonetsa chibayo m'mapapo, anapeza 37 peresenti. Atawerenga amene kulabu anawapeza ndi mitundu yeniyeni ya tizilombo imene katemerayo anapangidwira, anapeza 77 peresenti. Atawerenga maliro, osafunsa kuti mwana wafa ndi chiyani, imfa zinachepa ndi 16 peresenti. Katemera mmodzi, ana omwewo, manambala anayi.

Palibe nambala yabodza pamenepa. Mwana amapuma mothamanga pa zifukwa zambiri, malungo, chimfine chachikulu, mphumu, ndiye 7 ija ndi mkaka wochuluka madzi. 77 ija ndi mkaka wokhawokha, koma wa m'kasupuni, chifukwa ana opezeka ndi tizilombo kulabu amakhala ochepa kwambiri poyerekeza ndi onse amene tizilomboto tawagoneka. Akanakhala kuti ofufuza aja anali ndi wotchi yowerengera kupuma basi, bwenzi atalemba kuti katemerayu ngwachabechabe, chikhalirecho anali kupulumutsa pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 6 alionse amene akanamwalira. Ndikaganiza zimenezi ndimadzifunsa kuti ndi mankhwala angati abwino amene anatayidwa kudzala chifukwa sikelo yowayezera inali yogontha.

Mboni ya maso ofooka imalakwa mwina. Mu 2018, ku Ndirande ndi ku Zingwangwa mumzinda wa Blantyre, ana oposa 28,000 a miyezi 9 mpaka zaka 12 analowa m'kafukufuku wa katemera watsopano wa taifodi. Theka linabayidwa katemerayo, theka linabayidwa katemera wa nthenda youmitsa khosi, ndipo makolo ndi oyeza ana odwala sankadziwa kuti mwana uyu walandira uti. Mwana akatentha thupi, ankamutenga magazi n'kuwathira m'botolo la msuzi wapadera, n'kuliika m'makina ofunda kuti ngati muli tizilombo ta taifodi tiswane mpaka tioneke. Njira imeneyi imaphonya odwala ambiri, penapake pafupifupi theka. Tizilombo ta taifodi timakhala tochepa m'magazi, magazi otengedwa pa kamkono ka mwana amakhala ochepa, ndipo kawirikawiri mwanayo amakhala atamwa kale makapisozi ogula pagolosale. Koma botolo likanena kuti taifodi ilipo, ndiye kuti ilipodi.

Yerekezaninso. Odwala enieni ndi 100 mbali iyi, 20 mbali iyo. Botolo laona theka lokha, 50 ndi 10. Kusiyana kwake n'komwe kuja, kasanu. Mboni yosaona patali, malinga ngati ikuphonya mofanana mbali zonse ndipo siinamizira munthu, siipotoza chigamulo. Ku Blantyre anapeza ana 62 odwala taifodi m'gulu losalandira katemerayo ndi 12 m'gulu lolandira, kutanthauza chitetezo cha pafupifupi 81 peresenti, ndipo mu 2023 katemerayu anaperekedwa kwa ana m'dziko lonse. Komabe kuphonya kuli ndi mtengo wake. Ana amene botolo siliwaona amadwala ndithu, amajomba kusukulu, ena matumbo amabooka, koma m'kaundula mulibe, ndipo wogawa ndalama za boma amaiona nthendayo ngati yaing'ono. Chinanso, odwala owerengedwa akachepa, nambala imanjenjemera kwambiri. N'chifukwa chake pambali pa 81 uja ofufuza analembapo manambala ena awiri, 64 ndi 90, kunena kuti choona chiyenera kukhala penapake pakati pa awiriwa. Ndi muvi uja wa pansi pa mango, koma ulendo uno kuvina kwake kwalembedwa.

Nkhani imene inandiphunzitsa koposa inachitikira pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chimene ambiri timangoti ku Gulupu. Kumeneko madokotala Malcolm Molyneux, Terrie Taylor, Jack Wirima ndi anzawo anafalitsa mu 1989 njira yoyezera kukomoka kwa mwana wosatha kuyankhula. Amaona ngati maso akutsatira nkhope ya mayi ake, ngati akulira akamva ululu, ndi ngati dzanja likupita pamene pakupwetekapo, n'kupereka mapointi kuyambira 0 mpaka 5. Njirayi imadziwika padziko lonse ndi dzina la Blantyre. Mwana wa mapointi 2 kapena kutsika, wokhala ndi tizilombo ta malungo m'magazi, popanda chifukwa china chooneka cha kukomokako, ankatchedwa wodwala malungo a muubongo. Mboni zitatu zikugwirizana, akanatsutsa ndani?

Kenako anachita chinthu cholemera kuchinena. Ana ena akamwalira, madokotala ankapempha makolo, misozi isanaume, kuti awalole kutsegula thupi la mwana wawo aone chimene chamupha. Makolo ena anavomera. Zotsatira zinatuluka mu 2004: mwa ana 31 amene onse analembedwa kuti afa ndi malungo a muubongo, 7 anali atafa ndi nthenda zina. M'mitsempha ya ubongo wawo munalibe tizilombo tounjikana monga zimakhalira pa nthendayi. Tizilombo ta m'magazi tija tinali tongodutsa. Pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi alionse.

Tanthauzo lake n'lalikulu. Kwa zaka zambiri, m'mayiko osiyanasiyana, akatswiri anayesa mankhwala owonjezera pa kwinini pofuna kupulumutsa ana a malungo a muubongo, ndipo kafukufuku ndi kafukufuku ankabwerako chimanjamanja. Mwina mankhwalawo analibedi ntchito. Koma ngati pa mabedi anayi alionse, limodzi panagona mwana wa nthenda ina, amene mankhwalawo sakanamuthandiza ngakhale atakhala abwino chotani, ndiye kuti kuyesako kunkachitika ndi mkaka wothira madzi, eni ake osadziwa.

Chosiyanitsa ana aja chinapezeka m'diso. Dokotala wa maso Susan Lewallen, akugwira ntchito ku Blantyre komweko, anali ataona kuti ana ambiri a malungo a muubongo amakhala ndi zizindikiro m'kati mwa diso chakumbuyo: timawanga toyera, timitsempha tosintha mtundu, ndi timadontho ta magazi toyera pakati. Diso ndi ubongo n'zapachibale, timitsempha take n'tofanana, choncho zochitika m'chigaza zimasuzumirika m'diso. Pa zizindikiro zonse zimene dokotala akanaona mwana akadali moyo, izi zokha ndi zimene zinasiyanitsa ofadi ndi malungo ndi anzawo aja. Chinenero chathu chinali chitaneneratu kale: kakuda ka pakati pa diso timakatcha mboni. Dokotala amadontheza mankhwala kuti mboniyo itseguke, amachepetsa kuwala m'chipinda, amawerama ndi kagalasi kounikira mpaka mphumi yake kuyandikana ndi ya mwana wokomokayo, n'kumafufuza pang'onopang'ono. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuyambira pamenepo, ofufuza ambiri a nthendayi amayamba ayang'ana m'diso asanalembe mwana m'kaundula.

Nanga mboni ya mlamu? Iyi ndiyo yoopsa koposa, chifukwa zinzake zija kawirikawiri zimangochepetsa kapena kubisa, pamene iyi ikhoza kulenga phindu pamene palibe. Ndipo siichita kukhala ya mtima woipa. Dokotala amene wakhala miyezi akuyembekezera kuti mankhwala atsopano agwire ntchito, akaona chithunzi cha m'chifuwa chokayikitsa, diso lake limapendekera kumene mtima ukufuna, ngati mlangizi amene akudziwa kuti mwana ali pangoweyo ndi wa mlongo wake. Ku Britain anazizindikira kalekale. Mu 1948 bungwe la Medical Research Council linasindikiza zotsatira za kuyesa streptomycin pa odwala chifuwa chachikulu 107, ntchito imene katswiri wa ziwerengero Austin Bradford Hill anathandiza kukonza. Zithunzi za X-ray zinkaperekedwa kwa akatswiri osauzidwa kuti wodwala uyu walandira mankhwala kapena wangogonekedwa pabedi. Patatha miyezi 6, mwa 55 olandira streptomycin anamwalira 4, mwa 52 enawo anamwalira 14. Owerenga zithunzi aja sanasanduke angelo. Ankalakwabe, koma kulakwa kwawo kunalibe maso, kunkagwa mbali zonse ngati mvula. Poti kulakwa sitingakuthetse, ochita kafukufuku anaphunzira kukumanga kumaso kuti kusadziwe wachibale.

Pali kukondera kwina kopanda mtima n'komwe, kumene kunalowa chipangizo chikupangidwa. Kachipangizo kopana chala koyezera mpweya wa m'magazi kamagwira ntchito pounika kuwala kudutsa pakhungu. Mu 2020 madokotala a ku yunivesite ya Michigan ku America anaonetsa kuti kamaphonya kuchepa kwa mpweya mwa odwala a khungu lakuda pafupifupi katatu kuposa mwa azungu. Kamanena kuti zili bwino pamene magazi otengedwa mumtsempha akunena zina. Nthawi ya Covid-19, nambala ya kachipangizoka inkathandiza kugamula kuti uyu wadwalika, uyu ayi, m'mawodi ndi m'makafukufuku momwe. Ife a khungu lakuda tikamva zotsatira zochokera kutali, tili ndi chifukwa chofunsira kuti sikeloyo anaiyesera pa ndani.

Yatsala mboni yonena zoona zosakhudza mlandu. Ku America komweko, madokotala ankadziwa kuti munthu amene anadwalapo mtima, mtimawo ukamagunda modumphadumpha amakhala pangozi ya imfa yadzidzidzi. Mankhwala otchedwa encainide ndi flecainide ankakonza kugundako bwinobwino, pepala lotuluka m'makina n'kumaoneka losalala. Muyezo unali wolondola ndithu. Koma kafukufuku wotchedwa CAST atawerenga maliro m'malo mwa mizere ya papepala, anapeza kuti omwa mankhwalawo ankafa kuposa kawiri poyerekeza ndi omwa mapiritsi opanda mankhwala, ndipo mu 1989 anasiya kuwapereka m'kafukufukuyo nthawi isanakwane. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Apa mpamene ndimaona kuti manambala awiri olembedwa pambali aja, monga 64 ndi 90, amalonjeza zochepa kuposa mmene timaganizira. Amanena za mwayi wokha, kuti tikanatenga ana ena m'malo mwa awa, nambala ikanasuntha motani. Za sikelo yopendekeka sanenapo kanthu. Kafukufuku wa anthu 100,000 woyezedwa ndi sikelo yotere amatulutsa yankho lolakwika la malire oyandikana bwino, looneka lodalirika kuposa ena onse. Venda wa chimanga akakonza sikelo yake kuti idye kilo imodzi pa thumba lililonse, kumugulitsa matumba 500 sikuchotsa kuberako, kumangokuchulukitsa.

Ndiye tikhulupirire chiyani? Pali njira ziwiri zosavuta, ndipo zonse n'zaulesi. Ina n'kumeza nambala iliyonse yotuluka pa wailesi ngati yatsika kumwamba. Ina n'kunena kuti poti asayansi nawo amalakwa, zonse n'zongopeka, bola kumvera za pa WhatsApp. Wotsata njira yachiwiriyi amadziona wochenjera, koma waiwala kumene nkhani ya ana 7 aja inachokera. Anaiulula ndi madokotala omwe ankagwiritsa ntchito muyezowo tsiku ndi tsiku, atabwerera kukaufufuza n'kulengeza poyera kuti uli ndi chilema. Wogulitsa mankhwala ochiza nthenda 40 m'basi sanayambe wanenapo kuti, "Apa ndinalakwitsa, mmodzi mwa anayi sindinamuone bwino." Kwa ine, munthu wokhoza kunena kukula kwa kulakwa kwake ndiye ndingamupatse mkono wa mwana wanga.

Chikhulupiriro chotere chimakula pang'onopang'ono, mboni zosiyana zikamafika pamalo amodzi kudzera njira zosiyana. Katemera wa malungo uja, wa 36 peresenti imene ena anaiona ngati yochepa, anayamba kuperekedwa m'maboma ena a m'Malawi pa 23 April 2019, kenako ku Ghana ndi ku Kenya. Patapita zaka zinayi, atawerenga chinthu chosafuna maikulosikopu, anapeza kuti m'madera olandira katemerayu imfa za ana a msinkhu wobayidwa, kupatula za ngozi, zinachepa ndi 13 peresenti. Kagalasi ka kulabu ndi manda a kumudzi ndi mboni zosadziwana, zolakwa mosiyana, koma zinaloza kumodzi. Khotekhote ngwa njoka, chofunika n'kuona kumene kwaloza mutu.

Ndipo pali ngongole. Mayi wa ku Ndirande amene anatambasula mkono wa mwana wake kuti atengepo magazi, bambo amene anavomera kuti thupi la mwana wake litsegulidwe maliro asananyamuke, sanapereke zimenezo kuti zikakongoletse lipoti la munthu. Chowabwezera n'kuyeza mosamala, kenako kunena zoona za muyezowo m'chinenero chimene iwo angamve: apa tatsimikiza, apa tikuganizira, apa sikelo yathu siifika.

Mwezi wotsatira tinabwereranso pansi pa mango paja. Tinafika m'mawa, mzere usanayambe, ndipo ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Mlangizi anapachika kakabudula kaja kopanda mwana, n'kuyang'ana muvi. Unali utapitirira pang'ono pa ziro. Anapotokola kachitsulo kokonzera mpaka muvi unabwerera pamalo pake, n'kukoka ngowe kawiri kuti aone ngati ubwererenso pomwepo. Kenako anaitana dzina loyamba. Itafika nthawi ya mwana wa achemwali, analira monga kale, muvi n'kuvina monga kale. Mlangizi anaika kadontho kake, n'kutambasula buku lonse kuti timadontho ta miyezi yonse tionekere pamodzi, tina titakwera kwambiri, kena katagwa, koma mzere wonse ukulowera kumtunda.

"Musamayang'ane kamodzi, mayi," anatero, akulondola mzerewo ndi chala. "Muziyang'ana njira yonse."

Achemwali anabereka mwana, n'kubwezera buku m'kajumbo. Mayi wotsatira anali atayamba kale kumuvula wake malaya.